Phazi Langa ndi Alendo a Simalo

Tsiku loyamba, mwezi wothyola mphesa

Ndine Kidimo, wogulitsa nsomba zamchere, amene ku Megara konse amanditchula Nkhunzi. Amene sanandimvepo ndi wogontha. Ndafika lero kunyumba ya mulungu wochiritsa, Asikilepiyo, nditakwera bulu, ndipo buluyo akudandaula mpaka pano. Mkazi wanga Korina anandiikira mpukutu wa gumbwa m'thumba, amvekere, "Uzikalemba m'malo molankhula, odwala anzako azikapumako." Kulemba ndilemba, koma kulankhula sindisiya. Kusukulu ndinakhalako zaka ziwiri, ndipo anatopa ndi mphunzitsi, osati ine.

Matenda: chilonda kuphazi lamanzere. Mtsuko wa nsomba unandigwera miyezi iwiri yapitayo. Munthu wamba akanafera pomwepo. Sing'anga wa kuno, Pirakisiya, wouma ngati nsomba zangazo, watsuka ndi vinyo wosasa, wapaka uchi, wamanga nsalu. Zala ziwiri zada bii. Watenga khala n'kulemba mzere pamwamba pa phazi.

"Kudaku kukafika apa, ndidula. Ndikuona ngati masiku khumi ndi anayi."

"Mudula chiyani, a sing'anga?"

"Ndiyamba ndi zala. Zinazo tidzaonera pomwepo."

Koma ine sindinadzere mpeni. Ndadzera chipinda cha maloto, momwe munthu amagona mulungu n'kumuchiza ali m'tulo. Denga lake akulikonza, ndiye akulowetsamo anthu asanu ndi atatu okha, kamodzi pa masiku khumi. Malo a tsiku lakhumi adzaza. Ine andiika pa tsiku la makumi awiri. Kuwerenga ndimadziwa: makumi awiri amabwera khumi ndi anayi atadutsa kale.

Malo otsiriza anatenga ndi uyu wagona pafupi nane pakhonde pano, kamunthu kosoka nsapato ka ku Pireyo, dzina lake Simalo. Anandipitirira ndi theka la tsiku. Theka la tsiku! Buluyo ndikamugulitsa.

Tsiku lachiwiri

Tambala akangolira amatidzutsa kukasamba kukasupe, madzi ozizira ngati mtima wa mlamu wanga. Kenako nyimbo ya mulungu. Ndinaimba mokweza, wansembe n'kundiyang'ana kawiri, ndikuganiza anasirira. Ndiye phala la barele loti ukhoza kuonamo nkhope yako. Agalu a mulungu amayendayenda kunyambita zilonda za odwala. Wina ananunkhiza changa n'kubwerera.

Pirakisiya amayeza ndi ulusi wa mfundomfundo. Kuchokera pakuda kufika pamzere wa khala, lero mfundo zisanu ndi imodzi. Vinyo wosasa, uchi, nsalu ina.

Kumanzere kwanga ndi Simalo uja, chifuwa chake chimalira ngati chitseko chakale. Kumanja ndi mphunzitsi Antimene wa ku Atene, ndevu mpaka pamchombo, mwala m'chikhodzodzo. Ndi wa aja amaphunzitsa pakhonde la pamsika kuti munthu wanzeru sasamala za kuwawa. Akapita kukataya madzi amakuwa mpaka akhwangwala kuuluka.

Masana kunafika anthu asanu. Ndinakonza chovala changa, ndimvekere mbiri yafika kale kuno. Anandidutsa onse. Anali a Simalo. Mayi wina wogulitsa masamba dzina lake Filina, amuna awiri apachibale ootcha makala, kapolo wokalamba, ndi woimba chitoliro wa diso limodzi. Si abale ake ayi, ndafunsa. Anasiya ntchito zawo n'kudzakhala kutinyumba ta alendo kunsi kwa phiri, kuti azimuona tsiku lililonse.

Zimene anabweretsa: mkate umodzi, azitona odzaza dzanja, ndi katchizi ngati diso la mbuzi. Anakadula pasanu ndi pawiri. Kachisanu ndi chiwiriko anapatsa ine.

"Mayi, kwathu aka timatchera mbewa."

"Ndiye idyani msanga, bambo, mbewa zisanamve," anatero Filina.

Ndinadya. Kanali kokoma, koma sindinawauze.

Tsiku lachitatu

Mfundo zisanu ndi imodzibe.

Antimene sangakhale osafunsa funso. Lero wafunsa khonde lonse kuti moyo wabwino n'chiyani. Ndinati funso limenelo ndi la ana, yankho lake lagona pakati panu pano, phazi lili m'mwamba. Ndagwetsa amuna makumi atatu pabwalo la masewero. Ndadya mkunga wautali ngati khonde lino. Paphwando langa la chaka chatha panali amuna makumi anayi, ndipo vinyo amene anatsala anatsukira pabwalo. Moyo wabwino ndi mimba yokhuta, dzina lomveka, ndi adani ako akulephera kugona chifukwa cha iwe.

Antimene anapukusa ndevu. "Zonsezo n'zakunja, mphepo ikhoza kutenga. Chabwino n'chimodzi chokha, khalidwe lolungama. Munthu wolungama, ngakhale mumuike pamoto, ndi wodala."

"Ndiye m'mawa uja, aphunzitsi, mumakuwa chifukwa cha kudala?"

Khonde lonse linafa nacho chiseko. Limenelo ndinapambana.

Simalo amasoka lamba wa nsapato ya mlonda. Ndinamukodola ndi ndodo. "Nanga inu a Chigamba?" Dzina limenelo ndamupatsa ndine.

"Ine sindidziwa zambiri, a Nkhunzi. Tili ndi kamunda kathu komwe timakumana madzulo, monga amachitira ena ku Atene. Kumeneko timati thupi likakhala losapweteka, mtima wopanda phokoso, anzako ali pafupi, basi wafika."

"Basi? Ngakhale mkunga womwe ayi?"

"Ukabwera tidya. Ukapanda kubwera sitiulirira."

"Nanga dzina?"

"Dzina sindinalionepo likufunditsa munthu m'nyengo yozizira." Analuma ulusi. "Amuna makumi anayi aja afika liti?"

Ndinati ali m'njira, msewu ndi wopapatiza, sangadutse onse nthawi imodzi.

Chikundiwawa n'chakuti sanafunse mwachipongwe. Anafunsa ngati akufuna awasungire pokhala.

Tsiku lachinayi

Mfundo zisanu. Pirakisiya wawonjezera masamba osinja, oyabwa ngati chitedze.

Kwafika dengu lochokera kwathu. Nsalu zitatu zochapa ndi adyo. Ndinafunsa woyendetsa abulu ngati pali mawu. Akuti malonda akuyenda bwino, ndipo mayi akuti kunyumba kuli bata losaneneka. Za amuna makumi anayi sanamve kanthu.

Asanu aja anabweranso. Amuyalira mphasa, amupesa tsitsi, amakangana naye za mtengo wa nkhuyu wa m'kamunda kawo ngati ndi nkhani ya nkhondo. Kapolo uja amatsutsa mfulu pamaso, wina osamumenya. Ine ndili ndi nyumba ya zipinda zisanu ndi zitatu. Uyu ali ndi singano ndi chifuwa. Nanga akusekerera chiyani?

Kuti ndiwalande makutu ndinayamba nkhani ya chimphona cha ku Tesaliya chimene ndinalimbana nacho ndili ndi zaka makumi awiri. Munthu woti amadya nkhosa yathunthu podikira chakudya. Khosi ngati mtsuko wa mafuta. Akaponda pabwalo, mbalame za m'mudzi wina zimadzidzimuka. Simalo anaseka mpaka misozi, kenako chifuwa chinamugwira osamusiya. Ndinali nditafika pamene chimphonacho chandinyamula pamwamba pa mutu wake.

"Zakwana, bambo, mutiphera munthu," anatero Filina.

"Koma mudzamalize, a Nkhunzi," anatero Simalo akupuma movutika. "Ndikamaseka ndimaiwala kuti ndili ndi nthiti."

Atapita anzakewo ndinamupeza akuyang'anitsitsa phazi langa, akudula chikopa. Mwina sanaonepo phazi la ngwazi.

Tsiku lachisanu

Mfundo zinayi. Tulo tochepa. Phazi likugunda ngati lili ndi mtima wakewake.

Lero atulutsa nkhalamba ina ya kukhonde la amayi. M'kati mwa miyala yoyera yozungulira malo ano munthu saloledwa kufa, ngakhale kubadwa. Akangoona kuti wayandikira, akapolo a mulungu amamuika pachitseko n'kukamusiya kuseri kwa miyala. Nkhalambayo inalibe munthu. Anakaigoneka pansi pa mtengo, n'kubwerera ndi chitseko chawo akucheza za mvula.

Ndinayang'ana chitsekocho nthawi yaitali. N'chachifupi. Miyendo yanga ingalendewere.

Madzulo ndinafunsa Simalo kuti akuyembekeza kulota chiyani. Yankho lake linandiimitsa mutu.

"Palibe. Milungu ili pamtendere wake, singadzuke chifukwa cha chifuwa cha wosoka nsapato."

"Ndiye mukufuna chiyani kuno?"

"Filina analira. Mwamuna wake anafa ndi chifuwa chomwechi osayesa kanthu. Ndinamulonjeza kuti ndilowa."

Mwamva? Munthu sakhulupirira n'komwe, koma wakhala pamalo anga ngati nkhuku pamazira a bakha. Ine amene ndili ndi tambala wonenepa wodikira kuperekedwa nsembe, ndidikire mpeni.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi

Mfundo zinayi, koma fungo lasintha. Pirakisiya anangokweza nsidze.

Ndaona chinthu. Simalo atatsokomola, Filina anamupukuta pakamwa msangamsanga n'kulowetsa kansalu pansi pa mphasa. Kanali psuu. Pansi pamenepo palinso tina. Ootcha makala aja amaima motchinga sing'anga akamadutsa. Akubisa kuti afike tsiku lakhumi.

Filina anaona kuti ndaona. Lero gawo langa la tchizi linali lalikulu kuposa la onse.

Ndipo kamunthuko, magazi ali m'kamwa, kakuphunzitsa wa chitoliro kusoka chigamba, kakuseka. Ine zala ziwiri zokha ndikutukwana milungu ya kumtunda ndi ya kunsi. Ayi, mtendere umenewu ndi wonamizira. N'zosavuta kukhala phee uli pamthunzi, anthu asanu akukupepesa. Ndikanakonda kuona ngati ungatuluke naye kuseri kwa miyala.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri

Mfundo zitatu.

M'mawa kukasupe ndinakokera wansembe pambali n'kumunong'oneza. "Ine si wamiseche, bambo wansembe, sindikunena kanthu. Koma mukayang'ane pansi pa mphasa ya wosoka nsapato."

Ndi lamulo la mulungu. Sindinaliike ndine. Ndateteza malo oyera, ena akanandiyamika.

Dzuwa lisanafike pamutu anabwera ndi chitseko. Filina anagwada, anapempha masiku atatu okha, wansembe anangoyang'ana kumbali. Ootcha makala anakankha akapolo a mulungu, amvekere, "Wathu tinyamula tokha." Kapolo wokalamba anamutchingira dzuwa ndi chovala chake. Wa diso limodzi anayamba kuimba, osati ya maliro, ya paukwati.

Ndinayang'anitsitsa nkhope ya Simalo kuti ndione ikusweka. Anandikwezera dzanja.

"A Nkhunzi, chimphona chija chikadakunyamulani m'mwamba. Musagwe ndisanamve."

Madzulo wansembe anandiuza kuti malo otsiriza a tsiku lakhumi ndi anga. Masiku atatu osamwa vinyo, osadya nyama kapena tchizi, osayandikira wakufa kapena amene wakhudza wakufa. Ndapambana. Ndalemba kuti ndisaiwale: ndapambana.

Tsiku lachisanu ndi chitatu

Mfundo zitatube. Kusamba kawiri. Phala, phala, phala.

Pamalo pa Simalo aikapo munthu wa ku Korinto wa nthenda ya maso, amene salankhula, ndipo nkhani yanga ya mkunga anagona ndili pamutu pa mkungawo.

Masana, nthawi imene asanu aja ankafika, ndinapezeka ndakonza chovala. Khonde lili zii. Mphepo ikaomba kuchokera kunsi kwa phiri kumamveka chitoliro. Akuseka kumeneko. Ndamva ndi makutu anga. Awachotsa pamthunzi wa mulungu, awataya m'kanyumba ka nsikidzi, ndipo akuseka. Nanga munthu ameneyu umulande chiyani kuti adziwe kuti walandidwa?

Antimene wakhala akundiyang'ana kuyambira dzulo.

"Nenani, aphunzitsi, mawu angakuwonjezereni mwala wina."

"Phazilo mupulumutsa, a Kidimo. Ine ndikungodzifunsa kuti lizidzanyamula munthu wotani."

Ndinamuuza kuti lizidzanyamula munthu wa mapazi awiri. Palibe anaseka. Khonde lino anthu ake ndi odwala.

Tsiku lachisanu ndi chinayi

Mfundo ziwiri. Pirakisiya akuti lathamanga kuposa m'mene amaganizira. Mawa ndilowa, ndiye zilibe kanthu.

Mlonda anabwera kudzati pali mayi akundiitana kumiyala. Ndinapita ndi ndodo. Filina anaima kuseri, ine m'kati, mwala woyera pakati pathu. Maso ake otupa.

"Ine ndikanakuthirani madzi owira, bambo. Koma iye wati ndikupatseni ichi." Anaika katchizi pamwalapo. "Akudulabe pasanu ndi pawiri. Tamuuza kuti tatsala asanu ndi mmodzi, sakumva."

"Sindingadye, mayi. Ndikudziyeretsa."

"Yeretsani ndithu, ntchito ilipo yambiri."

Ndinafunsa kuti ali bwanji. Akuti sadya, amangomwa madzi. Kenako anati, "Mukudziwa kuti tsiku lachisanu lija anapita kwa wansembe kukapempha kuti musinthane malo? Anamukanira, akuti dzina loperekedwa kale kwa mulungu silisinthidwa mwini wake akadali m'kati. Kutuluka yekha sakanatha, chifukwa cha lonjezo lake kwa ine. Ine ndi amene ndinamumanga." Anapukuta mphuno. "Wati musayerekeze kubwera, mungataye malo anu. Wati chimphonacho adzamva kwa ena."

Kwa ena! Ndani angaifotokoze nkhani imeneyo ngati ine?

Atachoka, galu wa mulungu anabwera n'kumeza katchizi kaja kamodzi n'kamodzi. Ngakhale galu wadya gawo langa.

Tsiku lakhumi ndi chimodzi

Dzulo sindinalembe. Ndilembe mwadongosolo.

Dzulo m'mawa mfundo ziwiri. Ndinasamba, anandiveka choyera, mkate wa uchi wa nsembe uli m'manja. Kulowa kunali dzuwa likapendeka. Masana ndinaganiza nzeru ya munthu wanzeru. Mawu anga amamveka kuchokera ku Megara mpaka kuzilumba. Ndiima m'kati mwa miyala, ndikuwa mapeto a nkhani, iye amva ali m'kanyumba kake, ine ndibwerera ndili woyera. Aliyense wapeza chake.

Ndinaima pamwala uja n'kutsegula kukhosi. Mbuzi zinathawa. Ndinafika pakati, Filina anatuluka n'kukwera kaphiriko.

"Akuti akumva ngati bulu akulira kutali. Akufunsa ngati ndi wanu uja."

Ndinakuwa kwambiri mpaka mutu kuzungulira. Anapita, anabweranso. "Makutu ayamba kutseka, bambo. Siyani. Bwererani kwa mulungu wanu."

Mlonda anandigwira mkono. Ndi uja Simalo anamusokera lamba. "Akulu, mukadutsa apa dzina lanu lifufutidwa. Simulowanso mpaka mwezi utatha. Phazi limenelo silidikira mwezi."

Ndinati ndikudziwa, sindine mwana. Ndinaima. Ndinayang'ana kuchipinda cha maloto, ndinayang'ana kanyumbako. Ndinaganiza kuti kamunthu aka kafa kakudziwa kuti kanandipatsa zonse, ine osakapatsa ngakhale mapeto a bodza. Kapita katapambana kotheratu. Zimenezo Nkhunzi singalole.

Linayamba ndi phazi lodwalalo. Ine ndinangolitsatira.

M'kanyumbamo Simalo anali atachepa ngati mwana. Ananditsegulira diso limodzi.

"Aa, a Nkhunzi. Ndinati musabwere."

"Ine sindilamulidwa ndi osoka nsapato." Ndinakhala pansi pafupi ndi khutu lake. "A Chigamba, za pansi pa mphasa zija. Ndinanena ndine."

"Tikudziwa. Kunong'ona kwanu kunamveka mpaka kukhonde la amayi."

Ootcha makala anaseka, Filina yemwe.

"Osakwiya?"

"Ndinakwiya theka la tsiku. Kenako ndinaona kuti masiku ndatsala nawo ochepa, sindingapatse mkwiyo lathunthu. Komanso munandimasula. Lonjezo sindinaphwanye, ndipo ndikufera panja, pakati pa anthu anga, osati m'chipinda cha mdima ndi alendo asanu ndi awiri akuliza mkonono."

Mwaona? Umuchitire choipa, iye n'kuchisoka kukhala nsapato.

"Tsopano chimphona," anatero.

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani. Ndinayamba kunena zoona. Zoona zake n'zakuti munthu uja ananditaya pansi ngati thumba la barele, nthiti ziwiri zinathyoka, ndinatsitsimuka mawa lake anthu atapita kwawo. Ndisanafike patali anandigwira chala.

"Ayi, a Nkhunzi. Zoona ndili nazo zambiri m'chifuwa muno. Ndipatseni zanu zija."

Ndiye ndinamupatsa. Ndili m'mwambamo ndinagwira makutu a chimphona ngati zigwiriro za mtsuko, ndinadzitembenuza katatu, ndinachikhomera pansi chamutu. Chinalowa m'dothi mpaka m'chiuno, miyendo ikupalasa m'mwamba. Anachizula ndi ng'ombe zinayi. Pamalopo panatuluka madzi, ndipo mpaka lero akazi a kumeneko amatunga pomwepo, koma madzi ake amamveka thukuta.

Anaseka popanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Panthawi imeneyo kumtunda anayamba nyimbo yolowera m'chipinda cha maloto. Tonse tinaimva.

"Ukuopa, mnzanga?" ndinamufunsa.

"Chifuwachi, pang'ono. Imfayo ayi. Ikamafika ine ndikhala nditachoka. Sitikumana."

Simalo watisiya lero m'mawa, dzuwa litakwera, tikudya. Mkate wa uchi uja ndinaugawa pasanu ndi pawiri. Gawo lake analigwira m'dzanja, sanalidye.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri

Tamuika pansi pa mtengo wa azitona. Kunyamula sindinathe. Ndinayenda kumbuyo ndi ndodo. Mfundo imodzi, ndayeza ndekha ndi ulusi wa Simalo.

Tsiku lakhumi ndi chisanu

Pirakisiya anatsika kunsi kuno dzana, ndi kabokosi kake. Anadula zala zitatu, ndi kutsogolo kwa phazi mpaka pamzere wa khala. Anawotcha ndi chitsulo. Vinyo chikho chimodzi chachikulu asanayambe, china nditatsitsimuka. Ootcha makala anandigwira miyendo. Filina anandilumitsa lamba wachikopa. Wa diso limodzi anaimba ya paukwati ija.

Sindinakuwe.

Antimene watumiza mawu kuti anandimva ali kukasupe, ndipo akuti tsopano tafanana.

Kutentha thupi. Ndalema.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi

Kutentha kwatsika. Bala ndi lofiira bwino, fungo palibe. Pirakisiya akuti kudako sikunadumphe mzere, mwendo ndikhala nawo. Uchi kawiri patsiku, osaponda pansi masiku makumi awiri. Ndinamuuza kuti mulungu akanachita bwino kuposa pamenepa. Akuti mwina, koma mulunguyo sindinamupatse mpata.

Tambala uja ndatumiza kumtunda, aperekebe. Sindikufuna milandu.

Asanu aja sanapite. Ndinawafunsa akudikira chiyani, poti munthu wawo anamuika kale.

"Tikudikira mukwere bulu," anatero Filina. "Sikuti ndakukhululukirani, bambo. Koma kali kokha n'kanyama, ndipo inu muli nokha mungadye anthu."

Akuti ku kamunda kawo kuli mwala umene ankakhalapo Simalo, ndipo ndikafuna ndizikakhalapo, bola ndizibwera ndi mkunga wautali ngati khonde uja kuti auone ndi maso. Kapolo wokalamba akuti aukonzera ngolo ziwiri.

Lero Filina amasanthula thumba la zikopa la malemuyo, n'kutulutsa nsapato imodzi. Yamanzere, yaifupi, yotseka kutsogolo, m'kati mwake ubweya wa nkhosa. Inatha kusokedwa tikadali pakhonde, pakuti kunja kuno singano sanaigwirenso. Ndiye n'chifukwa chake ankandiyang'ana phazi tsiku lija. Maloto sankawakhulupirira, anakhulupirira khala la Pirakisiya. Ndaiyeza pamwamba pa nsalu. Yakwana ndendende, mpaka pamzere.

Ndinawauza kuti utsi wa ootcha makalawa umalowa m'maso.

Funso la Antimene lija sindikuliyankhanso, ndamusiyira mwini wake ndi mwala wake. Ndingolemba zimene ndikuona. Masana ano pamphasa panga pakhala alendo asanu, ndipo wa nthenda ya maso uja akanakhala ndi maso akanafa ndi nsanje. Asanu, pa munthu mmodzi! Ku Megara konse palibe wodwala anachezeredwapo chotere.

Koma ndakhala ndikuwerenga. Simalo tsiku lake lomaliza anali ndi asanu ndi mmodzi. Ndawerenga kawiri, ndi zala za m'manja, poti za kuphazi sizikukwananso. Wachisanu ndi chimodziyo ndinali ine.

Kamunthu kaja kandipitiriranso.